Bambo Charles-Michel de l'Épée: Wansembe Amene Adaphunzira kwa Ana Osamva

Mawu oyamba

M'maphunziro a sayansi ya ziyankhulo timaphunzira kuti mwana aliyense amabadwa ndi luso lotola chiyankhulo, ndipo kuti lusoli limakhala lakuthwa kwambiri m'zaka zake zoyambirira. Zitsanzo zimene timakambirana m'kalasi nthawi zambiri zimakhala za mwana wakumva: mmene amayambira ndi timaphatikizo tobwerezabwereza, kenako liwu limodzi, kenako chiganizo chathunthu. Funso limene ine ndili nalo ndi lokhudza mwana amene makutu ake sagwira ntchito. Kodi iyeyu chiyankhulo amachitola kuti, kwa yani, ndipo ali ndi zaka zingati?

Pofuna kuyankha funsoli ndifotokoza mbiri ya Bambo Charles-Michel de l'Épée, wansembe wa ku France amene adamwalira zaka zoposa 230 zapitazo. Iwowa sadapondeko mu Africa. Komabe ndawasankha chifukwa zimene adachita bwino, pamodzi ndi zimene adaphonya, zikukhudza ana a kwathu ku Chiringa m'boma la Phalombe monga momwe zidakhudzira ana a mumzinda wa Paris. Mfundo yanga ndi imodzi: ukulu wa Bambo de l'Épée udagona pa kuvomera kukhala wophunzira wa ana asadakhale mphunzitsi wawo.

Kubadwa ndi kukula kwawo

Charles-Michel de l'Épée adabadwa pa 24 Novembala 1712 ku Versailles, kumene kudali nyumba yachifumu ya dziko la France. Bambo awo adali katswiri wolemba mapulani a nyumba ndipo ankagwira ntchito za mfumu, choncho banjali lidali lopeza bwino. Ali mnyamata adasankha unsembe ndipo adachita maphunziro a zaumulungu, koma njira yawo idatsekeka msanga.

Pa nthawiyo mu Mpingo wa Katolika ku France mudali mkangano waukulu wokhudza chiphunzitso cha episkopi wina wotchedwa Cornelius Jansen, chimene Papa adachikana. Aliyense wofuna unsembe ankayenera kusayina chikalata chotsutsa chiphunzitsochi. Mnyamatayu adakana kusayina popeza mtima wake sudavomereze, ndipo akuluakulu a mpingo ku Paris adakana kumudzoza. Adatembenukira ku maphunziro a zamalamulo nakhala loya. Patapita nthawi, m'zaka za m'ma 1730, episkopi wa ku Troyes, Jacques-Bénigne Bossuet, adamuitana ku dayosizi yake namudzoza unsembe. Atasiya kukhala pansi pa episkopiyu, Bambo de l'Épée adabwerera ku Paris kumene akuluakulu a mpingo sadawapatse parishi. Adafika zaka za m'ma 40 ali wansembe wopanda nkhosa, wokhala ndi chuma cha makolo ndiponso nthawi yambiri. Zinthu ziwirizi, chuma ndi nthawi, ndi zimene pambuyo pake adazithira pa ana osamva.

Mmene anthu osamva ankaonedwera

Kuti timvetse ntchito yawo tiyenera kudziwa maganizo a anthu a nthawiyo. Anthu ambiri ophunzira ku Ulaya ankakhulupirira kuti nzeru zimalowera kukhutu ndipo zimatulukira pakamwa, kotero wobadwa wosamva sangaganize mozama. Malamulo akale a Aroma, amene maiko ambiri adatengera, ankaletsa munthu wobadwa wosamva ndi wosayankhula kulemba chikalata chogawa chuma chake. Ngakhale mumpingo ena ankakayika ngati munthu wotere angaphunzire katekisimu ndi kulandira masakramenti.

Aphunzitsi a ana osamva adalipo ndithu, koma adali a ana a anthu olemera. Ku Spain, m'zaka za m'ma 1500, mmonke Pedro Ponce de León adaphunzitsa ana osamva a mabanja apamwamba. M'chaka cha 1620 Juan Pablo Bonet adasindikiza buku limene lidali ndi alifabeti yopangidwa ndi zala. Ku France komweko Jacob Rodrigues Pereire adatchuka pophunzitsa ana owerengeka kutulutsa mawu, koma ankalipiritsa ndipo njira yake ankaibisa. Mwana wosamva wa munthu wosauka adalibe kolowera.

Kukumana ndi mapasa

Cha m'ma 1760 Bambo de l'Épée adalowa m'nyumba ina mumzinda wa Paris napezamo atsikana awiri amapasa. Atawayankhula, atsikanawo sadayankhe. Mayi awo adafotokoza kuti anawo adali osamva, ndipo kuti wansembe wina, Bambo Vanin, amene ankawaphunzitsa za chipembedzo pogwiritsa ntchito zithunzi, adali atamwalira. Bambo de l'Épée adadzipereka kupitiriza ntchitoyo ngakhale adali asadaphunzitseko munthu wosamva.

Chimene chidawakoka poyamba chidali nkhawa ya wansembe: ankaopa kuti atsikanawo angamwalire osadziwa chikhulupiriro. Koma adaona chinthu chimene ena ankachinyoza. Mapasawo ankacheza. Ankauzana nkhani ndi manja, nkhope ndi thupi, ndipo ankamvana bwino lomwe. Apa wansembeyu adaganiza mosiyana ndi aphunzitsi anzake. Anzakewo ankayamba ndi pakamwa pa mwana, kulimbana kuti patuluke liwu. Iye adaona kuti munthu amaphunzira chiyankhulo chachilendo kudzera m'chiyankhulo chimene ali nacho kale, ndipo kuti chiyankhulo chimene anawa adali nacho kale chidali cha manja. Tsono adakhala pansi, munthu wa zaka pafupifupi 50, nayamba kuphunzira zizindikiro kwa ana. Atazidziwa ndi pamene adayamba kuzilumikiza ndi mawu olembedwa a Chifalansa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu ambiri adaonapo ana osamva akugwedeza manja, koma ankangoti ndi masewera. Wansembeyu adadekha mpaka adaonamo chiyankhulo.

Sukulu ya m'nyumba mwawo

Mbiri itamveka, makolo ena adayamba kubweretsa ana awo. Bambo de l'Épée adasandutsa nyumba yawo, mumsewu wa rue des Moulins, kukhala sukulu. Imeneyi imadziwika kuti ndi sukulu yoyamba yaulere ya ana osamva pa dziko lonse. Ankalandira mwana aliyense, makamaka wosauka, ndipo ambiri ankawalipirira malo ogona ndi chakudya kuchokera m'thumba mwawo. Chiwerengero cha ana chidakwera kufika makumi angapo. Ophunzira awo ankasimba kuti muukalamba wawo ankadzimana ngakhale nkhuni zowotha m'nyengo yozizira kuti ndalama zipite kwa ana.

Chinthu china chimene chidawasiyanitsa ndi anzawo n'chakuti sadabise kalikonse. Ankaitana anthu kudzaonerera ana akuyankha mafunso polemba pabolodi. Adasindikiza mabuku ofotokoza njira yawo m'chaka cha 1776 ndi cha 1784. Mu 1777 mfumu ya ku Austria, Joseph II, idayendera sukuluyi, ndipo idatumiza wansembe wina kudzaphunzira; iyeyu adakatsegula sukulu ya ana osamva ku Vienna mu 1779. Ena adabwera kuchokera m'mizinda ina ya France ndi maiko oyandikana nawo, ndipo pamene Bambo de l'Épée ankamwalira n'kuti masukulu pafupifupi 20 akutsata njira yawo.

Otsutsa sadasowe. Wamkulu mwa iwo adali Samuel Heinicke, amene adatsegula sukulu yake ku Leipzig, m'dziko la Germany, mu 1778. Heinicke ankakhulupirira kuti maganizo enieni amafuna mawu apakamwa, ndipo kuti mwana akazolowera manja sadzayesetsanso kuyankhula. Awiriwa adalemberana makalata otsutsana. Bambo de l'Épée sankadana ndi kuphunzitsa mwana kutulutsa mawu, koma ankaona kuti kutha zaka zambiri pa ntchito imeneyo mutu wa mwana uli wopanda kanthu ndi kutaya nthawi imene sibwerera. Mkangano wa anthu awiriwa ukadalipo mpaka lero m'maiko ambiri.

Sukuluyi idachitanso ntchito ina imene mwina mwini wake sadaiwerengere. Ana amene kale ankakhala payekhapayekha, aliyense ndi tizizindikiro take tapakhomo, tsopano adasonkhana pamodzi usana ndi usiku. Wamng'ono ankaphunzira kwa wamkulu. Chiyankhulo chidapeza mudzi wokhalamo ndiponso njira yodutsira kuchoka ku mbadwo wina kupita ku unzake.

Pamene adaphonya

Anthu ena amalemba kuti Bambo de l'Épée ndiwo adapanga chiyankhulo chamanja. Izi si zoona, ndipo mboni yake ndi munthu wosamva wa nthawi yomweyo. Pierre Desloges, mmisiri womata mabuku amene adasiya kumva ali ndi zaka 7 atadwala nthomba, adasindikiza buku mu 1779 limene limadziwika kuti ndi loyamba kulembedwa ndi munthu wosamva. M'bukuli adafotokoza kuti mu Paris mudali kale gulu la anthu osamva amene ankakambirana nkhani zamtundu uliwonse ndi manja, ambiri mwa iwo osapitako kusukulu ya wansembeyu. Iye mwini adachiphunzira ali wamkulu kwa munthu wosamva mnzake.

Vuto la Bambo de l'Épée lidali lakuti adaona zizindikiro koma sadaone malamulo ake. Popeza ankayesa chiyankhulo chilichonse ndi muyeso wa Chifalansa ndi Chilatini, adaganiza kuti chiyankhulo cha anawo chilibe malamulo, ndipo adayamba kuchiwonjezera zizindikiro zopanga okha. Mu Chifalansa dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, tsono adapanga chizindikiro chokhudza chipewa cha bambo ndi china choloza pamene pamalekezera chovala chakumutu cha mayi. Pa nthawi za mneni, dzanja linkaponyedwa kumbuyo kwa phewa kamodzi, kawiri kapena katatu molingana ndi mtundu wa nthawi yakale. Mneni wotanthauza kukhulupirira adaugawa m'zizindikiro zingapo: kuvomera ndi mutu, kuvomera ndi mtima, kuvomera ndi pakamwa, ndi kusaona ndi maso. Chiganizo chachifupi chinkatalika ngati njira ya kumunda wakudimba lakutali.

Ife ophunzira Chichewa tingamvetse msanga vutoli. Liwu lakuti ndidzakuphikirani ndi chiganizo chathunthu: muli mwininkhani, nthawi yam'tsogolo, pamtherankhani, tsinde la mneni ndiponso ulemu. Munthu wina atabwera n'kunena kuti Chichewa chilibe malamulo chifukwa sichiyika mawu m'ndondomeko ya Chingerezi, kenako n'kutikakamiza kuyika kaliwu kapadera paliponse pamene Chingerezi chili nako, zotsatira zake sizingakhale Chichewa kapena Chingerezi. Ndi zimene zidachitika ku rue des Moulins. Ana ankatha kulemba Chifalansa cholondola aphunzitsi akamawapatsa zizindikirozo chimodzichimodzi, koma ambiri ankavutika kupanga ziganizo zawozawo. Akatuluka m'kalasi ankabwerera ku chiyankhulo chawo chenicheni, chimene malamulo ake ali m'malo amene dzanja laikidwa, kumene likulowera, liwiro lake ndi maonekedwe a nkhope. Pofika m'ma 1830 zizindikiro zopangazo zidali zitasiyidwa m'masukulu ambiri, pamene chiyankhulo cha ana chidapitirira kukula.

Mlandu wa mnyamata wopanda dzina

Nkhani ina ya m'moyo wawo imaonetsa poyera mtengo wa kukula wopanda chiyankhulo. Mu 1773 mnyamata wosamva adapezeka atatayidwa pamsewu m'chigawo cha Picardy. Sankatha kunena dzina lake, kwawo, kapena amene adamusiya. Adasungidwa m'chipatala ku Paris, kumene Bambo de l'Épée adamupeza namutenga. Ankatchedwa Joseph. Ataphunzira zizindikiro adayamba kufotokoza kuti adachokera m'nyumba yaikulu ya anthu olemera, ndipo kuti adamutenga paulendo n'kumusiya dala. Wansembeyu adakhulupirira kuti Joseph adali mwana wa banja lapamwamba la Solar amene ankanenedwa kuti adamwalira, ndipo adamenyera nkhaniyi m'makhoti. Mu 1781 khoti lidagamula mokomera Joseph, koma mu 1792, wansembeyu atamwalira kale, khoti lina lidasintha chigamulocho.

Mlanduwu udagwedeza dziko la France. Kwa ine chofunika si chuma cha banja la Solar ayi, koma kuti mnyamata wamkulu ndithu adatha zaka ali ndi nkhani yonse m'mutu popanda njira yoitulutsira. Mwana amene alibe chiyankhulo sangadziteteze, sanganene amene wamulakwira, ndipo sanganene pamene pakupweteka.

Imfa yawo ndi zimene zidatsatira

Bambo de l'Épée adamwalira pa 23 Disembala 1789 ali ndi zaka 77, chipwirikiti chochotsa ufumu ku France chitangoyamba kumene. Adaikidwa m'tchalitchi cha Saint-Roch ku Paris. Mu 1791 nyumba ya malamulo idawalemekeza ngati munthu amene adathandiza mtundu wa anthu, ndipo idalamula kuti boma litenge sukulu yawo. Sukuluyi ikadalipo mumsewu wa rue Saint-Jacques. Kuyambira mu 1834 anthu osamva ku Paris, motsogozedwa ndi mphunzitsi wosamva Ferdinand Berthier, adayamba kuchita phwando chaka ndi chaka pokumbukira kubadwa kwawo.

Amene adalowa m'malo mwawo adali Bambo Roch-Ambroise Sicard. Pansi pa iwowa ophunzira osamva monga Jean Massieu ndi Laurent Clerc adakhala aphunzitsi. Ku America, Thomas Hopkins Gallaudet adakhudzidwa ndi kamtsikana kosamva ka mnansi wake, Alice Cogswell, ndipo adapita ku Ulaya kukafuna njira yophunzitsira. Ku Britain adapeza aphunzitsi obisa njira zawo, koma ku Paris adamulandira. Mu 1816 adabwerera kwawo ndi Clerc, ndipo mu 1817 adatsegula sukulu ku Hartford. N'chifukwa chake chiyankhulo chamanja cha ku America chili pachibale ndi cha ku France osati cha ku Britain, ngakhale anthu akumva a ku America ndi ku Britain onse amayankhula Chingerezi. Mzere womwewu udafika mu Africa kudzera mwa Andrew Foster, munthu wakuda wosamva wa ku America, amene adatsegula sukulu ku Ghana mu 1957 ndipo pomwalira mu 1987 adali atayambitsa masukulu oposa 30 kumadzulo ndi pakati pa Africa.

Koma maganizo a Heinicke adapambana kwa nthawi yaitali. Mu Seputembala 1880 aphunzitsi a ana osamva, pafupifupi onse akumva, adakumana ku Milan m'dziko la Italy nagwirizana kuti zizindikiro zichotsedwe m'masukulu. Aphunzitsi osamva adachotsedwa ntchito, ndipo ana ankalangidwa akapezeka akugwiritsa ntchito manja. Zinthu zidayamba kusintha mu 1960 pamene William Stokoe wa ku koleji ya Gallaudet adaonetsa kuti chizindikiro chimagawika m'tizigawo monga momwe liwu limagawikira m'timaliwu: kaumbidwe ka dzanja, malo ake ndi kayendedwe kake. Malamulo amene wansembe wa ku Paris sadawaone adaonekera patapita zaka 200. Dziko la France lidavomereza chiyankhulo chake chamanja mwalamulo mu 2005, ndipo mu 2010 msonkhano wa aphunzitsi womwe uja, utakumana ku Vancouver, udakana poyera zimene zidagwirizanidwa ku Milan.

Manja a mwana wakhanda

Ana amene ankafika kwa Bambo de l'Épée adali kale amisinkhu yoyambira sukulu kapena kupitirira. Kafukufuku wa masiku athu ano waonetsa kuti ntchitoyi iyenera kuyamba kale kwambiri kuposa pamenepo. Mu 1991 Laura-Ann Petitto ndi Paula Marentette a ku Canada adaonetsa kuti makanda osamva amene makolo awo amayankhula ndi manja amabwerezabwereza timayendedwe ta manja, monga momwe makanda akumva amabwerezera ba-ba-ba, ndipo amachita zimenezi pamsinkhu wofanana. Ubongo wa mwana susankha khutu kapena diso, umangofuna chiyankhulo. Rachel Mayberry adapeza kuti anthu osamva amene adachedwa kupeza chiyankhulo chawo choyamba amavutika ndi malamulo a chiyankhulo ngakhale atachigwiritsa ntchito zaka zambiri. Ku Nicaragua, ana osamva atasonkhanitsidwa m'masukulu a ku Managua kuyambira mu 1977, adapanga chiyankhulo chatsopano, ndipo amene adachikhwimitsa malamulo adali ana ang'onoang'ono amene adalowa pambuyo.

M'zaka za m'ma 1980 Linda Acredolo, Susan Goodwyn ndi Joseph Garcia ku America adayamba kulimbikitsa makolo a ana akumva kuphunzitsa makanda awo zizindikiro zochepa monga za mkaka, kudya ndi kufuna zina, popeza manja a mwana amakhwima msanga kuposa lilime. Kafukufuku sadatsimikize kuti zimenezi zimapangitsa mwana wakumva kukhala wanzeru kuposa anzake, koma sadapezenso kuti zimamuchedwetsa kuyankhula. Chodabwitsa n'chakuti pamene mwana wakumva akupatsidwa zizindikiro ngati ndiwo yoonjezera, makolo ambiri a mwana wosamva, amene kwa iye zizindikirozo ndi nsima yeniyeni, amalangizidwabe kuti asamuzoloweze manja. Komanso ana osamva ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, amabadwa kwa makolo akumva amene sadziwa chiyankhulo chamanja.

Kwathu ku Chiringa

M'Chichewa mawu akuti mwana wosamva ali ndi matanthauzo awiri: mwana amene makutu ake sagwira ntchito, ndiponso mwana wamwano amene satsata malangizo. Kusokonezeka kumeneku sikuthera m'mawu mokha. Mwana wa zaka ziwiri akaitanidwa n'kusatembenuka, ambiri amayamba aganiza tanthauzo lachiwirilo, ndipo ena amalandira mbama asadadziwike kuti ali ndi vuto.

Ndidakulira pafupi ndi banja lina ku Chiringa limene mwana wawo wamkazi adasiya kumva ali wakhanda atadwala matenda oumitsa khosi. Agogo ake aakazi, amene sadapiteko kusukulu ndipo ankayankhula Chilomwe ndi Chichewa, ndiwo adayamba kumvana naye. Nsima ankaionetsa pokunga mbamu m'dzanja, madzi posenza chidebe pamutu, amayi pogwira pachifuwa, ndipo munthu aliyense wapakhomopo adali ndi chizindikiro chake chotengera chipsera, kayendedwe kapena chipewa chake. Agogowo adachita zimene Bambo de l'Épée adachita: adayang'ana manja a mwana nawatsatira. Koma zizindikiro zapakhomo zili ndi malire. Zinkakwana kunena za chakudya, kumunda ndi kumsika, koma sizinkakwana kumufotokozera mwanayo chifukwa chimene anthu ankalirira pamaliro, kapena kumusimbira nthano imene ife tinkamvera madzulo. Adapita kusukulu ya ana osamva atatsala pang'ono kukwana zaka 10, ndipo patchuthi choyamba adabwera ndi manja odzaza nkhani zimene pakhomo padalibe wozimva.

Maphunziro a ana osamva m'Malawi adayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, motsogozedwa ndi abulazala a chipani cha FIC ochokera ku Netherlands, ndipo kumeneko kuli sukulu ya Mary View. Pambuyo pake padabwera masukulu ena monga Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Monga zidalili m'maiko ambiri, kwa zaka zambiri chimene chinkatsindikidwa chidali kuwerenga milomo ndi kutulutsa mawu, koma m'malo ogona ana ankacheza ndi manja. Chiyankhulo chamanja cha Malawi chidakula m'malo otere ndiponso pakati pa akuluakulu osamva, ndipo ndi chosiyana ndi cha ku Zambia, ku Mozambique kapena ku America. Dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2021 bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa mtanthauziramawu woyamba wa chiyankhulochi. Anzathu a ku Zimbabwe adapita patsogolo: malamulo aakulu a dziko lawo a 2013 amatchula chiyankhulo chamanja pamndandanda umodzi ndi Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Masukulu amenewa ndi ofunika, koma ndi ochepa, ali kutali ndi Chiringa, ndipo amalandira mwana zaka zakuthwa zija zitadutsa kale. Mayi wolima nandolo m'munsi mwa phiri la Michesi sangasamukire ku Nguludi ndi khanda kumbuyo. Chiyankhulo chiyenera kumupeza komwe ali. Njira zake zilipo kale. Mwezi ndi mwezi amayi amapita ndi ana kusikelo, kumene alangizi a zaumoyo angathe kufunsa ngati mwana amadzidzimuka chitseko chikamenyeka kapena kutembenuka akaitanidwa. M'midzi muli sukulu za mkombaphala zimene timazitchanso za mmera mpoyamba, ndipo dzina lokhalo likunena zonse. Koposa zonse, m'midzi yathu muli akuluakulu osamva amene adaphunzira kumasukulu aja ndipo pano akusoka zovala, kupala matabwa kapena kulima. Iwowa ndiwo eni chiyankhulo. Mmodzi wa iwo atamayendera banja la khanda losamva sabata ndi sabata, banja lonse likhoza kuphunzira, ndipo makolo akhoza kuona ndi maso awo kuti mwana wawo adzakula n'kukhala munthu wodziimira payekha.

Mawu omaliza

Mbiri ya Bambo de l'Épée ili ndi maphunziro awiri kwa ife amene tikuphunzira ziyankhulo. Loyamba ndi la kudzichepetsa: munthu wophunzira zaumulungu ndi zamalamulo adavomera kuphunzitsidwa ndi atsikana awiri amene dziko linkawayesa opanda nzeru, ndipo zimene adaphunzirazo adazipereka kwaulere kwa aliyense. Lachiwiri ndi chenjezo: ngakhale munthu wamtima wabwino akhoza kuyesa chiyankhulo cha eni ake ndi muyeso wa chiyankhulo chake, n'kuyamba kukonza chinthu chimene sichidawonongeke. Ife Amalawi, amene ziyankhulo zathu zidalembedwa koyamba ndi alendo motsata malamulo a Chilatini ndi Chingerezi, tiyenera kukhala oyamba kulimvetsa chenjezoli.

Chiyankhulo chamanja cha Malawi chikufunika anthu ochifufuza monga momwe tafufuzira magulu a mayina ndi kamvekedwe ka mawu m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, ndipo ntchitoyi iyenera kuchitika pamodzi ndi eni ake osamva. Bambo de l'Épée adayamba ali ndi zaka pafupifupi 50 ndipo adagwira ntchitoyi zaka pafupifupi 30. Mphunzitsi akhoza kuyamba mochedwa chotero n'kupindulabe, koma mwana alibe mwayi umenewo. Zaka zake zotolera chiyankhulo ndi zochepa, ndipo zimayamba kuwerengedwa akadali kumsana kwa amayi ake.